Ndi Apongozi pa Mtsinje wa Nailo

Ulendo wa ku Ejipito sunali wanga. Mkazi wanga anaukonzera mayi ake, ndipo ankayenera kupita awiriwo. Apongozi angawo amagulitsa nsalu mu Msika wa Lilongwe, chakumapeto kwa mzere wa zitenje, ndipo kuyambira kale ankanena kuti asanafe adzaone mtsinje umene Mose anaikidwamo ali khanda. Ana awo ena ankangoseka. Mkazi wanga sanaseke. Anapeza kampani ina ku City Centre yotengera anthu kunja kukaona malo, anawatengera mayi akewo pasipoti, ndipo zonse zinatheka mvula isanayambe. Mkazi wangayo anamwalira mvula ili pakati, atadwala kanthawi kochepa. Anandisiyira mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi.

Maliro atatha panatsala nkhani ziwiri. Yoyamba inali ya mwanayo. Mlamu wanga, mchimwene wake wa malemuyo, anabwera kunyumba kwanga ku Area 9 ndipo sanazungulire. Tinakhala pakhonde, iye akuyang'ana maluwa amene mlongo wake anabzala.

"Alamu, mwambo mukuudziwa," anatero. "Tikadzakusudzulani, ukwati watha, mwanayu adzabwera kwathu. Inu mukadali mnyamata, mudzakwatiranso. Mwana wa mlongo wanga asadzakule akutsuka mbale za mayi wina."

Ndinafunsa ngati nkhaniyo inali itagamulidwa kale.

"Mawu omaliza ndi a mayi. Koma mayi ndi ine sitisiyana maganizo."

Nkhani yachiwiri inali ya ulendowo. Akampani anati dzina la malemu likhoza kusinthidwa, wina n'kupita m'malo mwake. Apongozi anali asanakwerepo ndege, ndipo Chingerezi chawo chinali cha pamalonda basi. Mlamu wanga analibe pasipoti. Mng'ono wake wa mkazi wanga anali ndi pakati. Ine ndimagwira ntchito ku Capital Hill ndipo ndinali nditayendapo kunja kangapo, choncho banja litakambirana linaloza ine.

"Mungowaperekeza," anatero mlamu wanga. "Musaope, ndege ndi yaikulu. Inu kumbuyo, iwo kutsogolo."

Ankanena moseka, koma ankadziwa chimene ankanena. M'zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanadyepo pamodzi ndi apongozi anga. Ndinali ndisanawagwirepo dzanja, kapena kuwayang'ana kumaso kwa nthawi yoti n'kudziwa ngati akwiya kapena atopa. Ambiri m'tauni muno anasiya zopewana ndi apongozi. Iwo sanasiye. Akabwera kwathu ankadyera kukhitchini ndi mwana wawo, ine pabalaza. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ngakhale tili m'chipinda chimodzi. "Uwauze bambo a mwana kuti geti lawo likulira, alithire mafuta." Mkazi wanga ankatembenuka n'kundiuza zomwezo, nkhope ili gwa, ine n'kuyankha kudzera mwa iye. Tikatsala awiri ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Ndinavomera ulendowo chifukwa cha mwana. Ndinaganiza kuti kutaliko, kopanda mlamu wanga, ndidzapeza mpata wopempha. Masabata otsatirawo ndikaweruka sindinkatha kulunjika kunyumba. Ndinkatsika ku Capital Hill, kudutsa City Centre, kuwoloka mlatho wa ku Old Town, kuzungulira pamsika n'kubwereranso, ndikuyeserera mawu m'galimoto. Mawu aliwonse amene ndinkapeza ankamveka ngati kalata ya kuofesi.

Tsiku lonyamuka ndinakasiya mwana kunyumba kwa apongozi, m'manja mwa mng'ono wake wa mkazi wanga. Iye anali atabwera kwathu dzulo lake kudzalongedza zovala za mwanayo, ndipo nditanyamula chikwamacho ndinamva kuti chalemera kuposa ulendo wathu. Munali ngakhale majuzi a m'nyengo yozizira. Sindinafunse.

M'ndege mipando yathu inali yogundana. Apongozi anaima pakanjira atakumbatira chikwama chawo mpaka bambo wina wachilendo anamvetsa ndi manja okha kuti asinthane nawo. Ndinakhala ndi mlendoyo mpaka kukafika.

Cairo anatilandira ndi fumbi ndi mahutala. Galimoto za kumeneko siziima kuti munthu awoloke, munthu ndiye amalowa pakati pake ngati akuwoloka mtsinje wodzaza. Tinaphatikizidwa ndi gulu la alendo ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo wotionetsa malo anali bambo wonenepa, wa ndevu zaimvi, amene ankanyamula ambulera yotseka m'mwamba kuti tisamutaye. Apongozi anawapatsa dzina loti Mama Malawi. Poyamba ankaganiza kuti ndi mayi anga ondibereka. Nditamuuza kuti ndi mayi a mkazi wanga, anafunsa kumene mkaziyo watsala. Ndinamuuza. Anaika dzanja pachifuwa, ndipo sanafunsenso.

Ntchito yanga inali yomasulira. Tinapeza njira yake tokha, osapangana. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, chakumanzere, n'kumalankhula ndikuyang'ana mchenga. Iwo ankayankha akuyang'ana kutsogolo, ngati akulankhula ndi mphepo. Pa mapiramidi anaima nthawi yaitali, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa.

"Manda onsewa a munthu mmodzi?"

Ndinauza mchenga kuti inde, anali a mfumu.

"Nanga akazi ake?"

Ndinaloza timapiramidi tating'ono ta m'mbali.

"Ndimadziwa," anatero.

Mwini ngamila wina anatikakamira kuti Mama akwere. Ngamilayo inali itagona pansi ikubzikula, mlomo ukupita uku ndi uku.

"Amuuze kuti ine sindikwera chinthu chotafuna ngati chikundijeda," anatero apongozi, ndipo ndinamasulira theka lake lokha.

Kunyumba yosungiramo zinthu zakale anayenda bwinobwino pakati pa miyala yosema ndi zagolide, mpaka tinafika pa chipinda cha mitembo youmitsa. Atamva zimene zinali mkatimo anaima pakhomo.

"Alibe abale anthu amenewa?"

Anafunda chitenje kumutu n'kukakhala pabenchi panja. Ine ndinalowa ndekha. M'bokosi lina lagalasi munali mayi wa tsitsi lolukidwa bwino, zala zake zazitali zitasanjikizana pachifuwa. Alendo ankawerama n'kumamuyang'ana mano. Ndinatuluka ndisanamalize chipindacho. Apongozi anali okha pabenchipo, gulu lonse lili mkati, ndipo ndinadziwa kuti mpata ndi umenewo. Ndinaima potero n'kumawerenga chikwangwani choletsa kusuta mpaka ena anatuluka.

Kuchoka ku Cairo tinapita kummwera, ku Luxor, kumene tinakwera sitima ya pamtsinje yokhala ndi zipinda zogona. Madzulo oyamba, m'chipinda chodyera, wopereka zakudya anatitsogolera ku tebulo la anthu awiri, la pawindo, lokhala ndi duwa m'botolo. Apongozi anayang'ana mipando iwiriyo. Anatenga mbale yawo, anaikamo mpunga ndi nsomba, n'kukwera nayo pamwamba pa sitima. Wopereka zakudya uja anabwera katatu kudzafunsa ngati tebulo lili ndi vuto. Mawa lake zinachitikanso, ndipo wotionetsa malo uja anadzakhala pampando wopanda munthuwo.

"Mnzanga, mwayambana chiyani ndi Mama? Ndiuze, ine ndayanjanitsa mabanja ambiri pamtsinje uno."

Ndinamufotokozera kuti sitinayambane. Kwathu umenewo ndi ulemu, mkamwini sadya ndi apongozi ake.

Anandiyang'ana kaye kuti aone ngati ndikunama. Kenako anaseka mpaka ndevu zinagwedezeka.

"Ulemu umenewu undigulitseko. Apongozi anga amadya kwathu tsiku lililonse, ndipo nyama amayamba kusankha ndi iwo."

Sitima ya pa Nailo imayenda pang'onopang'ono moti munthu wapansi akhoza kuipitirira. Anzathu ankagona pamipando yaitali padzuwa, mabuku ali pankhope. Ine sindinkatha kukhala. Ndinkazungulira pamwambapo, kutsogolo, kumbuyo, kutsika, kukweranso. Mbali zonse ziwiri kunali kamzere kobiriwira ka migwalangwa, nzimbe ndi nthochi, abulu, amayi akutsuka mapoto, ndipo kuseri kwa kamzereko kunkayamba chipululu nthawi yomweyo, chopanda ngakhale chitsamba. Apongozi ankakhala pakona imodzi ya mthunzi, miyendo atatambasula, akuyang'ana madzi. Ndikafika pafupi ndi konayo ndinkabwerera.

Masana aliwonse ndinkaimbira foni mwana wanga. Tsiku lina anandiuza kuti amalume ake amugulira matiresi akeake, a maluwa. Tsiku lina anati amuonetsa sukulu ya mkaka ya pafupi ndi kwa agogo, ndipo ili ndi katungwe.

"Mubwera liti, adadi?"

"Posachedwa."

"Mudzagona kuno?"

Ndinati tidzaona.

Ku Karnak tinayenda pakati pa zipilala zokula moti anthu angapo atagwirana manja sangazungulire chimodzi. Ndinamasulira za mafumu ndi milungu yawo ya mitu ya mbalame, mawu akutuluka okha, mtima uli pa matiresi a maluwa. Ku Chigwa cha Mafumu, kumene manda anakumbidwa m'mapiri, tinatsika kanjira kopapatiza kolowa pansi. Maondo a apongozi ankavuta. Ndinali kumbuyo kwawo, pafupi moti ndikanangotambasula dzanja. Iwo anagwira mkono wa mayi wina wa ku India wa m'gulu lathu, ndipo anatsika awiriwo, wina akulankhula chinenero chake, wina Chichewa, akumvana bwinobwino. Pansipo makoma anali ndi zithunzi za mabwato onyamula akufa, utoto ukadali wowala. Kunkatentha, mpweya unali wochepa. Ndinatsegula pakamwa, koma mlonda wa mandawo anatiuza kuti tisunthe, ena alowe.

Titachoka ku Luxor sitima inafika pamalo ena pamene mtsinje unatsekedwa ndi zipata, ndipo masitima amadikirana kuti alowe imodziimodzi. Tili chiimire, timabwato tating'ono topalasa tinatizinga. Munali amalonda. Sakanatha kukwera, choncho ankakulunga nsalu m'mapepala apulasitiki n'kuziponya m'mwamba, kudutsa nsanjika zonse za sitima, n'kudzagwera pamapazi pathu. Wofuna ankaponya ndalama m'pepala lomwelo, wosafuna ankabweza nsaluyo. Azungu ankathawa mitoloyo ngati miyala.

Mtolo umodzi unagwera pamiyendo pa apongozi. Anaumasula. Anatambasula nsaluyo padzuwa, anaipotokola pakona, anainunkhiza, anakoka ulusi umodzi ndi mano. Kenako anadzuka, maondo aja ataiwalika, n'kupita m'mphepete.

"Iwe! Ichi ukuti thonje?" anakuwa m'Chichewa. "Ichi ndi chiguduli. Bweretsa yeniyeni, waibisa pansi pa mpandopo, ndaiona."

Wamalondayo anayankha m'chinenero chake, akumenya pachifuwa, akuloza kumwamba kuitana Mulungu kuti amuchitire umboni. Apongozi anamuponyera nsalu yake, ndipo inagwera m'bwato mwenimweni. Anzake a m'mabwato ena anaimba mluzu. Inabwera ina. Inabwereranso. Yachitatu ataigwira ndinadziwa kuti aikonda chifukwa anayamba kuinyoza kwambiri. Alendo onse anasonkhana kudzaonerera. Kuyambira tsiku la maliro ndinali ndisanawamvepo akuseka, koma apa ankaseka, mpango utapendekeka.

Anatembenuka, anandigwira mkono wa malaya, n'kundiyang'ana m'maso.

"Muuzeni kuti ine nsalu ndinayamba kugulitsa iye akuyamwa. Muuzeni atsitse, apo ayi ndimuponyera m'madzi."

Ndinamuuza. Munthuyo anatsitsa. Iwo anandigwedeza mkono. "Mwaona? Muuzeninso."

Dzanja lawo linali pamkono panga, nkhope yawo ili pafupi, ndipo ndinaona koyamba kuti maso awo ndi a mkazi wanga. Mawu onse amene ndinayeserera m'galimoto anathawa.

"Amayi," ndinatero, "musandilande mwana."

Dzanja lija linachoka. Anayang'ana pansi. Anapinda nsaluyo mosamala, anaibwezera m'pepala lake, anamanga, n'kuiponya m'bwato. Wamalonda anakuwa mtengo wina wotsikirapo, kenako winanso. Iwo anakonza mpango n'kutsikira kuchipinda chawo.

Kuchokera pamenepo sanalankhulenso, ngakhale ndi mphepo. Ndikaima kumbuyo kwawo kuti ndimasulire, ankasuntha n'kukaima ndi mayi wa ku India uja. Tinaona kachisi wina titakwera ngolo za akavalo, tinaonanso wina wa ng'ona zouma, ndipo sindikumbuka kanthu za malo amenewo koma msana wawo. Ndinali nditawachititsa manyazi pagulu, pakati pa malonda, nditawakola pamene anadziiwala. Ndinkazungulira sitima ija mpaka wotionetsa malo anandifunsa ngati ndikufuna kukafika ku Aswan wapansi.

Aswan ndi tauni ya miyala yakuda ndi mchenga wachikasu wotsetsereka mpaka m'madzi. Dzuwa lake limawotcha ngakhale mumthunzi. Tsiku lomaliza, chakumasana dzuwa litapendeka, anatigawa m'mabwato athanga kuti tizungulire zilumba. Gulu linagawika mwa mabanja, ndipo ife tinapezeka awiri m'bwato limodzi, ndi mwini bwato, bambo wamkulu wakuda ngati ife, wovala mkanjo woyera. Chingerezi chake chinali cha mawu ochepa. Apongozi anakhala kutsogolo atandifulatira. Ine ndinakhala pakati.

Mphepo inali yochepa. Tinadutsa pafupi ndi bango, ndipo apongozi anawerama n'kuviika dzanja m'madzi. Analisiya momwemo nthawi yaitali. Kenako anaongoka, anatembenukira mwini bwato, kudumpha ine, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Bambo," anatero m'Chichewa, "pepani, ndikutumeni. Muwauze apongozi anga kuti nkhani ya mwana sinenedwa pamsika."

Mwini bwato anamwetulira. "Yes, Mama."

Ndinayang'ana mkanjo wake woyera. "Bambo, muwauze amayi kuti ndamva. Ndinalakwa malo."

Munthuyo anatiyang'ana mosinthanasinthana, dzanja lili pa chiwongolero, n'kugwedeza mutu ngati nkhoswe yozolowera milandu.

"Muwauze kuti amene ankatiyankhulira anapita," anapitiriza apongozi. "Ine ndilibenso pakamwa pofikira kwa iwo. Muwafunse. Tikawasudzula lero, mawa boma liwatumiza ku Mzuzu kapena kunja, mkuja akwatira, mwanayo adzamubweretsa kwa ndani? Adzabwera kwanga ngati ndani? Mkamwini wosudzulidwa ndi munthu wa mumsewu. Tikakumana adzandipatsa moni wa dzanja."

"Yes, yes," anatero mwini bwato.

Ndinali ndisanaganizepo kuti iwonso akuopa. Ndinkaona ngati zonse zili m'manja mwawo.

"Muwauze amayi kuti mwanayo usiku amadzuka n'kufufuza pabedi. Akapeza ine amagonanso. Muwauze kuti ndilibe china."

"Muwauze kuti ine ndilibenso china."

Thanga linakhwefuka, bwato linaima. Mwini wake anatenga nkhafi n'kupalasa pang'ono. Kutsidya ana ankasambira, akuimba nyimbo kuti alendo awaponyere kanthu.

"Muwauze amayi," ndinatero, "kuti ngati vuto ndi kusudzula, asandisudzule."

Apongozi anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Akunena lero, manda akadali ofewa. Muwafunse zaka zawo. Muwafunse ngati akudziwa kutalika kwa chaka chimodzi m'nyumba yopanda mkazi."

"Muwauze kuti ndayamba kudziwa."

Tinazungulira chilumba chonse. Pofika padoko anawombanso m'manja.

"Muwauze kuti ndamva. Zikomo bambo, mwagwira ntchito."

Mwini bwato anawagwira dzanja powatsitsa, ndipo kwa ine anatsinzina diso limodzi. Sindikudziwa chimene ankaganiza kuti wayanjanitsa.

Ulendo wobwerera sananenenso kanthu za nkhaniyo, ndipo ine sindinafunse. Titafika ku Lilongwe mwana anatsala kwa agogo ake. Anati tidikire banja likumane. Ndinkapita kukamuona ndikaweruka, n'kubwerera ndekha ku Area 9, kumene mlonda wanga ankatsegula geti n'kusuzumira kumpando wakumbuyo asanandipatse moni.

Banja linakumana Loweruka lina masana, kunyumba kwa apongozi. Amuna tinakhala pamipando panja, amayi pamkeka chapatali. Mlamu wanga analankhula nthawi yaitali za mwambo, za mbumba, za ana amene anazunzika m'manja mwa amayi owapeza. Zambiri zimene ananena zinali zoona. Atamaliza anatembenukira kumkeka.

"Mayi, titsirizireni."

Apongozi analankhula akuyang'ana mwana wawoyo.

"Uwauze alamu ako kuti mwana akakhale kwa bambo ake. Zosudzula tiziike kaye."

"Mpaka liti, mayi?"

"Mpaka adzapemphe okha. Tsiku limene adzapemphe, tidzawamasula ndi manja awiri, popanda mlandu. Tsiku lomwelo mwana adzabwera kuno."

Mlamu wanga anayang'ana amalume ake, amene anakhala nafe pamipandopo, koma iwo anangokweza mapewa. Kenako anatembenukira kwa ine n'kubwereza mawuwo limodzilimodzi, ngati sindinawamve. Anandifunsa ngati ndikuvomera. Ndinati amuuze amayi kuti ndavomera.

Pondiperekeza ku galimoto, mwana ali m'manja mwanga, mlamu wanga anayenda nane mpaka pamsewu. Mkwiyo unali utamuthera, anangotsala ndi chisoni.

"Alamu, mukudziwa chimene mwachita? Mwadzimanga nokha. Mkazi wake ndani adzadikire mwana wa zaka zinayi kuti akule?"

Ndinati sindikudziwa.

"Mudzabwera kudzapempha. Ndikukupatsani zaka ziwiri."

Anatsegula chitseko chakumbuyo, anandithandiza kumumanga lamba mwanayo, n'kumuuza kuti asamavute bambo ake.

Mwanayo tsopano ali ku pulayimale ndipo amadziluka yekha tsitsi, molakwika. Kuofesi kuli mayi wina amene tinayamba kudyera limodzi masana pansi pa mitengo ya ku Capital Hill. Amadziwa nkhani yonse, ndinamuuza poyamba pomwe. Mwezi wathawu anandifunsa, mosakakamiza, ngati ndinaganizapo zokalankhula ndi akuchikazi. Ndinamuuza kuti ndimaganiza tsiku lililonse. Anadikira kuti ndipitirize, koma nthawi yopuma inali itatha, ndipo tinabwerera aliyense ku ofesi yake.